Munda Umene Alamu Anandisesera

"Kodi amake Tala, kunja kumene munapita kuja anthu amalima m'zitini?"

Anandifunsa choncho a Nachisale, anansi athu a kuseri kwa mpanda, atandipeza ndikundandalika zitini pakhonde. Zinali zitini za mkaka, china cha penti, zonse zoboola pansi ndi msomali, zodzaza dothi, ndipo m'chilichonse ndinali nditabzalamo nyemba. Iwo anaima ndi ndowa pamutu, osaitula, kudikira yankho.

Ndinaseka nawo, koma mumtima munalibe chiseko. Nyemba zimenezo ndi zimene zimati zindiuze ngati ndikhale pamudzi ndi mwana wanga kapena ndikwerenso galimoto ya ku Tanzania.

"Tulani kaye ndowayo, mungathyoke khosi," ndinatero. "Nkhani yake yachokera kutali."

Ndinachoka kuno Talandira atangosiya kuyamwa. Bambo ake anali atapita ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba, kenako foni yawo inayamba kuyankhidwa ndi mayi wa m'makina uja wonena kuti nambala sikupezeka. Chaka chomwecho madzi anasefukira, mpunga wanga n'kugona m'matope usanache. Ndiye kunabwera bambo wina wa ku Karonga, tonse tinkangowatchula kuti a Kapitawo, akufuna azimayi odziwa kuwokera mbande za mpunga. Ife a ku Lifuwu kuno ntchito imeneyo timaigwira ngakhale titatsinzina. Ndinalembetsa.

Munda umene amayi anandisiyira ndinaupereka m'manja mwa alamu a Dikisoni, amuna a achemwali anga aakulu, a Joyisi. Alamuwo kwawo ndi ku Chipoka, anakulira m'bwato, khasu anadzalidziwa atakwatira kuno. Mwana ndinasiyira achemwali. Tsiku lonyamuka anamubereka n'kupita naye kumjigo kuti asandione ndikukwera. Ine ndinangoona kamutu kake kakugwedera pamsana pawo mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya mango.

Za ulendo ndimakumbukira miyendo yotupa ndi fungo la nthochi zakupsa. Titawoloka malire, Chichewa chinathera pomwepo ngati msewu wa phula. Munthu akulankhula nawe, akumwetulira, iwe osadziwa ngati akukupatsa moni kapena akukuuza kuti waponda katundu wake.

Munda wake sindinaonepo wotero. Mpunga kuyambira pamene waima mpaka kumene maso athera, ngalande zazikulu ngati mitsinje, mathirakitala akuyenda m'matope ngati mvuu. Tinkagona m'nyumba yaitali ya malata imene ankaitcha kambi, azimayi okhaokha, mphasa kugundana. Wina akatembenuka, mzere wonse umadziwa. Udzudzu ndi wa kwathu womwewu, koma misundu ya kumeneko inali yamwano, yogwira mpaka m'mawondo. Zala za kumapazi zinasuwa ndi madzi, zidendene kung'ambika. Madzulo tinkapakana mafuta ophikira m'ming'alumo, wina akupaka mnzake, uku tikutukwana a Kapitawo m'zilankhulo zitatu.

Mphasa yoyandikana ndi yanga inali ya Mama Zuhura, mayi wamasiye wa m'mudzi wa pafupi ndi mundawo, wojintcha, wa mpata kumano, wa mawu omveka ndime zinayi. Amalawi tinalipo ambiri ndithu, koma ine chifukwa cha kufupika anandipatsa dzina loti Malawi Mdogo, ndiye kuti wamng'ono. Anayamba kundiphunzitsa manambala kuti asandibere pamsika, kenako zotukwana kuti asandizolowere, moni anabwera pambuyo. Nditagwidwa malungo, iwo ankamaliza ndime yawo n'kulowa mu yanga kuti ndisadulidwe tsiku. Ndikathokoza ankangondikankha phewa.

"Uchire msanga, ndatopa nawe," ankatero. Pa nthawiyo ndinali nditayamba kumva.

Kuwokera kutatha, anandiika kwa azibambo opopera mankhwala opha udzu. Ntchito yanga inali kuwatungira madzi m'ngalande, iwo n'kumasakaniza. Kumeneko sapalira ndi manja ayi. Amapopera, pakapita masiku udzu uja wofanana ndi mpunga umafiira n'kugwa, mpunga n'kutsala wokha uli bii. Ndinasirira, sindikubisa. Ndinaganiza za msana wa amayi anga umene unapindikira m'madzi, kuzula udzu umodziumodzi. Lamlungu lake nditaimba foni kumudzi ndinafotokozera alamu zodabwitsazo mpaka mayunitsi anatha.

Foni imagwira pamalo amodzi, pamwamba pa khoma la ngalande yaikulu. Lamlungu masana tinkaima pamenepo mzere ngati akakowa, aliyense akukuwa m'chilankhulo chake. Ndikatumiza ndalama achemwali ankandiuza zimene zagulidwa: malata, mbuzi, kansapato ka mwana. Akati, "Tala, bwera ulankhule," ndinkamva kupuma kokha, kenako phazi likuthawa. Tsiku lina ndinamva mawu ake bwinobwino koyamba. Anati, "Amayi, ndinyamuleni." Ndinatsala pang'ono kuyankha. Kenako ndinamva achemwali akuti, "Dikira, ndili pafoni." Ndinatsika pakhomapo, Mama Zuhura anandiyang'ana kumaso. Anangondipatsa chigamphu cha nzimbe.

Chimene chinkatisowetsa mtendere pakambi ndi ndiwo. Nyemba lero, nyemba mawa, mpaka munthu kumalota mpiru. Ine ndi dzanja langa la dimba ndinati ayi, izi sizoona. Ndinagula matimati akupsa, kufinya njere, kuyanika. Kuseri kwa kambi kunali nthaka ya miyala, ndiye mpunga atakolola ndinkasenza dothi lakuda la m'mundamo ndi ndowa, kudzathira. Dothi lokongola, lonona, loti ukaligwira limamata m'manja. Mbande zinamera bwino, anzanga anayamba kale kugawana matimati asanabereke.

Kenako nsonga zinayamba kupindika. Masamba atsopano ankatuluka opyapyala ngati ulusi, opotana, okhwinyata ngati zala za munthu wogwidwa ndi dzanzi. Ndinawonjezera madzi, ndinawaza phulusa, ndinafufuza tizilombo kunsi kwa masamba, koma ayi ndithu. Mama Zuhura anabwera, anawerama, n'kundifunsa kumene ndinatenga dothi. Nditaloza kumunda anaseka mpaka anakhala pansi.

"Malawi Mdogo, madzi a mankhwala umatunga ndi iwe, dothi lakenso wasenza ndi iwe! Umaganiza kuti udzu ukafa, mankhwala nawonso amafa?"

Ndinati ndimayesa amapita ndi madzi.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, mawu ena ndi manja. Anati mankhwala ena amathadi msanga, koma ena dothi lakuda limawagwira n'kukhala nawo, mwina mpaka chaka kutembenuka. Mpunga sudandaula nawo, n'chifukwa chake pamunda waukuluwo palibe amene amaona vuto, pakuti ukachoka mpunga pamabweranso mpunga. Koma matimati ndi nyemba sizipirira. Iwo anadziwira pa munda wawo wa nyemba kumudzi, umene unkalandira madzi otsalira a m'ngalande za mundawo. Unapita wonse chaka chimene anaika amuna awo.

"Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti dothi lachira?" ndinafunsa.

"Usafunse ine. Tenga chitini, thira dothilo, bzala nyemba. China uthire dothi limene ukulikhulupirira, kuti uzifanizira. Masamba oyamba asakunamize, udikire achiwiri."

Tsiku linanso kunatentha koopsa, madzi akumwa a m'thanki atatha. Kumapeto kwa munda kunali malo a mchenga kumene azibambo ankatsukira masipuleya, ndipo chakunsi pang'ono munthu wina anafukula kadzenje, madzi ake oyera mbee, ozizira. Ndinatunga ndi kapu. Isanafike pakamwa, Mama Zuhura anaimenya n'kugwera uko.

"Dothi lakuda limasunga, mchenga susunga kanthu," anatero. "Ukaupatsa chinthu umangopititsa pansi. Pansipo pali chiyani? Si madzi ukufuna kumwawa?"

Tinayenda ndi ludzu lathu mpaka kukambi, ine nditakwiya, iwo akuimba.

Mpunga unakololedwa, unawokedwanso, unakololedwanso. Ena anabwerera kwawo, ena anakwatiwa komweko. Ine tsiku lina nditaima pakhoma paja ndinamva Talandira akuimba nyimbo ya ku sukulu ya mkaka, yonse mpaka kumapeto, ndipo ndinadziwa kuti ndikachedwanso ndidzapeza namwali. Ndinauza achemwali kuti ndikubwera ndipo sindibwereranso. Ndinatumiza zimene ndinasunga, n'kuwapempha kuti mpunga ukachoka m'munda andikonzere dimba pomwepo, awokeremo matimati. Kwathu kuno timatero. Mpunga ukachoka nthaka imatsala ndi chinyontho, ndiye timabzala matimati, nyemba ndi mpiru, kumathirira ndi madzi a pachitsime cha m'munda. Dimba limenelo ndi limene limadyetsa munthu miyezi ya dzuwa. Linali loti lindisunge pamudzi.

Potsanzikana Mama Zuhura sanalire. Anandigwira khutu ngati mwana.

"Pita. Ndikadzakuonanso pano ndidzakumenya."

Nditafika, anthu anandilandira chikwama, ena akundigwira masaya kuti ndada. Achemwali ndinawapeza asintha. Anali atayamba geni ya nsomba zouma, mawu akwera, foni ili m'chitenje. Kumbuyo kwawo kunali kamtsikana kamiyendo yaitali, kakundisuzumira.

"Amayi, anti abwera ndi chikwama chachikulu," kanatero.

"Iwe, si anti amenewa, ndi amayi ako," achemwali anatero, maso ali kumbali.

"Amayi ndi inu."

Ndinamupatsa diresi imene ndinamugulira. Analandira ndi manja awiri, anagwada bwinobwino monga amachitira kwa alendo, n'kubwerera kuseri kwa chitenje. Achemwali ali ndi anyamata okhaokha, mtsikana amene anamulera ndi ameneyu. Ndinaona mmene dzanja lawo linkapitira lokha pamutu pa mwanayo. Ndinadziuza kuti ndisakoke. Ndikhale pompano, azindiona m'mawa, azindiona madzulo, zina zibwera zokha.

Kutacha alamu anafika atavala majombo, chipewa chili pambali.

"Mlamu, tiyeni mukaone. Koma mugwire mtima, mungakomoke. Za ku Tanzania zanuzo n'zachibwana."

"Asodzi mwayamba liti kudzitama ndi khasu?"

"Mukaona nokha."

Tili patali ndinaonadi zachilendo. Minda ya anzathu inali ndi ziputu, udzu, zitsamba, monga mwa nthawi zonse mpunga ukachoka. Wanga unali mbee ngati pabwalo pa ukwati. Ngakhale pamizere yotchingira madzi panalibe kaudzu n'kamodzi komwe. Matimati ali m'mizere yowongoka, aliyense ndi kamtengo kake. Alamu anagwira ntchito, zimenezo sindingawalande.

Nditayandikira ndinawerama. Nsonga zopindika. Masamba ngati ulusi. Ndinapita mzere wina, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo.

"Ndinanena kuti mukomoka," alamu anatero akuseka. "Kupindikako n'kwa dzuwa chabe, akhazikika."

"Alamu, munapopera chiyani muno?"

"Aaa, mwadziwa bwanji? Anthu oyenda inu!"

Anafotokoza monyadira. Udzu utawakulira mu mpunga, anakumbukira zimene ndinawauza pafoni. Anapeza mnyamata wina pamsika akugulitsa mankhwala m'mabotolo a zakumwa, opanda pepala lililonse. Wogulitsayo anati chitsekerero chimodzi pa sipuleya.

"Ine ndinati chimodzi n'chiyani, ngati shuga wa pamaliro? Ndinkathira zitatu. Udzu unapsa, mlamu, mpunga tinakolola wosaoneka kale. Ndiye nditamva kuti mukubwera, ndinati mlendo akamabwera timasesa pabwalo. Mlamu wanga wavutika kunja, asadzafikire kupalira. Otsalawo ndinapopera munda wonse tisanawokere. Ndinakuseserani."

"Nanga sipuleya munkatsukira kuti?"

Analoza pachitsime. Chitsime chathu chili kumbali ya mchenga, anakumba amayi anga ine ndili wamng'ono. Ndi pomwe tinkathiririra dimba, ndi pomwe tinkamwa tikakhala kumunda.

"Si munanena nokha kuti kumeneko sapalira?" anatero, ataona nkhope yanga.

"Ndinakuuzani theka, alamu. Mayunitsi anatha."

"Koma madzi amatsuka zonse. Ife kunyanja timatsuka chilichonse, m'mawa n'kupeza kuli mbee."

"Nyanja imayenda. Munda suyenda."

Anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. Kukalipa ndinalephera. Munthu wakusesera ungamukalipire bwanji?

Matimati sanakhazikike. Maluwa ankayoyoka, ochepa amene anagwira anabereka tinthu topotoka ngati mfundo za chingwe. Pamudzi nkhani inayenda. Ena anati ndi nsanje, wina wandiponda chifukwa cha malata aja. Ena anati ndi matenda, ndigule mankhwala ena ndipoperenso. Zonse zimene ndinasunga zinali zitalowa m'dimbamo. Ndipo ngati kuti ananunkhiza, a Kapitawo anaimba foni. Anati galimoto idutsa mvula ikayandikira, malo anga alipo, koma ndiwayankhe msanga.

Achemwali anamva. Tinali awiri tikusankha usipa pamphasa.

"Ngati dimba lafa, upite," anatero. "Udya chiyani pano? Mwana ali bwinobwino, ukuona wekha. Ungonyamuka ngati paja, ine ndipita naye kumjigo."

Ananena mwachikondi, ndikudziwa. Koma ndinamvanso china pansi pa mawuwo, ndipo iwonso anadziwa kuti ndamva, chifukwa anayamba kusankha usipa wosankha kale.

Ndinati, "Achemwali, ndipatseni masabata ochepa. Ndifunse kaye munda."

Ndinatolera zitini m'mudzi monse. Ndinayenda m'munda ndi khasu, kutapa dothi kunsi kwa makande kumene madzi amakhalitsa, pakati, kumbali ya mchenga, mpaka kumtunda kumene kuli chulu. Chitini chilichonse ndinachimanga kansanza ka mtundu wake kuti ndisasokoneze. Ziwiri ndinathira dothi la kuseri kwa nyumba, kumene sikunafike sipuleya. Chimodzi mwa ziwirizo ndinati ndizithirira madzi a pachitsime cha kumunda, zina zonse madzi a pamjigo. Maganizo anga anali akuti ngati pali kachigawo kamoyo, ngakhale kotambalala ngati mphasa zingapo, ndikhala. Ngati munda wonse wagwidwa, ndiye basi, ndilibe podyera.

Ndi pamene a Nachisale anandipeza ndi funso lawo lija. Anatula ndowa, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwira pakamwa.

"Ndiye mukuti nyemba zikhale asing'anga?"

"Zotchipa, sizifuna nkhuku."

"Mayo ine. Komatu munda wanga uli kunsi kwa wanu, madzi anu amathera kwa ine."

Madzulo ake anabwera ndi zitini zawo ziwiri, dothi lili kale m'kati. Kenako anabweranso azimayi ena oyandikana nafe minda. Khonde langa linadzaza. Nkhuku zitayamba kupalasa, alamu anabweretsa chidutswa cha ukonde wakale n'kutchinga.

Kudikira nyemba kuti imere n'kovuta kuposa kudikira galimoto. Ndinkadzuka n'kuyang'ana, kubwera kotunga madzi n'kuyang'ananso. Tsiku limene dothi linayamba kung'ambika, timakosi topindika tikusuzumira, ndinapeza Talandira atanjuta pakhonde panga. Sanaitanidwe ndi munthu. Chibwerere ine anali asanapondepo pamenepo yekha.

"Anti, izi zikutuluka chagada," anatero.

"Zimatero. Zimayamba ndi msana, mutu umabwera pambuyo."

"Inenso ndinatero?"

"Iwe unayamba ndi mutu, ukukuwa. Ndinalipo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati ndikunama. Kenako anabwerera ku zitini. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse, phala lili m'manja, kudzaona zimene zasintha.

Masamba oyamba anatuluka bwino m'zitini zonse, otambalala, obiriwira. Alamu anavina pabwalo.

"Mwaona! Mwandinamizira pamudzi ponse, ine munthu wosalakwa. Mlamu, mundigulire fanta wopepesera."

"Dikirani achiwiri."

"Achiwiri, achitatu, mufuna mpaka zibereke?"

Achiwiri atabwera alamu anasiya kuvina. Chitini cha kunsi kwa makande, masamba anatuluka okhwinyata, tsinde lopotoka ngati lafinyidwa. Cha pakati, opindika m'mphepete ngati supuni. Cha dothi la kunyumba chothirira madzi a pamjigo chinali chosangalala, chikufuna kale poyanga. Koma chinzake, dothi lomwelo la kunyumba, chimene chinkamwa madzi a pachitsime, chinapinda manja. Pamenepo ndinakumbukira kuti Talandira ankapita kumunda ndi achemwali n'kumamwa pomwepo. Mwa zitini za a Nachisale, cha m'malire ndi ine chinapindika pang'ono, china chinali bwino.

Chinatsala cha kansanza kofiira, cha kumtunda kwa chulu. Ndinachitembenuza mbali zonse, ndinachitengera padzuwa, ndinadikiranso masamba ena. Chinali chowongoka ngati cha kunyumba.

"Alamu, kuchulu kuja munapoperako?"

Anakanda m'mutu. Achemwali ndi amene anaphulika kuseka.

"Auzeni! Auzeni za mavu!"

Zinapezeka kuti pachitsamba cha pachulupo panali chisa cha mavu. Tsiku losesa lija anawaluma pakhosi ndi pakhutu, iwo n'kuthawa sipuleya ili kumsana, osabwererakonso. Chigawo chonse cha kumtunda chinatsala chosapopera, anangochilima ndi khasu pambuyo pake dzuwa lisanatuluke, mavu asanadzuke. Matimati sanawokereko chifukwa mbande zinathera panjira.

"Munthu wosaopa mwera, kuthawa kachilombo," achemwali anatero akupukuta misozi.

"Mwera suluma kukhutu," alamu anayankha.

Tinaitana alangizi, mayi wachitsikana woyenda pa njinga yamoto. Anaona zitini, anapita kumunda, anapempha botolo lija n'kulinunkhiza patali. Ananena mosabisa kuti popanda pepala sangadziwe dzina la mankhwalawo ngakhale nthawi imene adzathere. Anati tigaule nthaka kuti ipume, tithire manyowa ambiri, tibzale mpunga mvula ikagwa, koma matimati ndi nyemba ziyembekeze mpaka zitini zitavomera. Anawonjezera chimene ine sindinkachidziwa, kuti ngakhale mapesi a mpunga wa m'mundamo tisaphimbire nawo nazale. Za chitsime anangopukusa mutu. Botolo analitenga, ndipo anadzudzula alamu ndi mawu angapo amene sindibwereza, pakuti alamuwo ndi akuluakulu.

Chitsime anakwirira okha alamu. Sanalole munthu kuwathandiza. Ine ndinaima poteropo ndikuona mchenga ukulowa pamene amayi ankatsikira ndi chikho. Atamaliza anapondaponda pamwamba, n'kubzalapo kamtengo kuti wina asadzafukulenso.

Chigawo cha kuchulu n'chaching'ono, ndipo madzi ake ndi akutali, ochokera kungalande ya kumtunda. Ndinakhala pansi n'kulingalira. Mpiru umacha msanga. Nyemba mizere ingapo, matimati ochepa. Masiku ena ndizithandiza achemwali kuyanika nsomba, andigawire. Sizolemeretsa munthu, koma zofikitsa ku mpunga wina. Ndisanapemphe, m'mawa mwake ndinamva belu la njinga. Alamu, zigubu zinayi zomangirira ndi mphira, thukuta kale.

"Munasesa, tsopano thirirani," ndinatero.

"Mlamu, mukapitiriza ndikaitana mavu aja adzakuthandizeni."

Anatunga choncho chilimwe chonse, m'mawa uliwonse asanapite kunyanja.

A Kapitawo ndinawaimbira ndekha.

"Malo anga mupatse wina."

"Mwaganiza bwino? Njala ikakupanani mudzandifuna."

"Mwina ndidzakufunani, koma osati chaka chino. Mukafika mukapereke moni kwa Mama Zuhura. Mukawauze kuti dzanja lawo lipume, womumenya sabwera."

Ndinawauza achemwali. Anapitiriza kutembenuza nsomba pathandala. Patapita masiku awiri anabwera kwanga ndi kabulangete ka Talandira, kopinda bwino, n'kukaika pamphasa.

"Zovala zikhale kaye kwathu," anatero. "Asadabwe."

"Zikhale, achemwali. Nyumba zake ndi ziwiri."

Anakhala pansi, tinaphika tiyi, tinakamba za mtengo wa usipa.

Mpiru woyamba ndinakagulitsa kwa azimayi a pamsika wa nsomba, unatha ndisanakhale n'komwe. Mvula itagwa tinawokera mpunga munda wonse, udzu tinazula ndi manja, ine, achemwali ndi alamu, misana itatu m'madzi. Mpunga utachoka ndinatapanso dothi. Pakati pachira, chaka chino pali nyemba zoyanga mpaka m'chiuno. Kunsi kwa makande kukadali kouma mutu, masamba akupindikabe pang'ono, ndiye ndakuthira manyowa a mbuzi n'kukusiya. Ndidzafunsanso chaka chamawa. Mnyamata wa mabotolo uja akafika pamsika, a Nachisale amamufunsa pepala mokweza mpaka amasamuka.

Talandira amagona kuno masiku ena, masiku ena kwa achemwali, mmene wafunira. Za anti anasiya yekha. Tsopano amanditchula kuti amayi aang'ono. Achemwali anafuna kumukonza, ine ndinawaletsa. Dzulo anabwera ndi chipeso, anakhala pakati pa miyendo yanga n'kunena kuti ndimuluke, chifukwa amayi aakulu amakoka.

Ndikakhala pansi n'kuwerenga zimene zinapita, sizichuluka. Matimati a chaka chimodzi, munda wonse. Chitsime chimene anakumba amayi anga. Ndi zaka zitatu za mwana wanga, kuyambira pamene anasiya bere mpaka pamene anadziwa kusamba yekha.